Mawu Opanda Tsiku a Mlongo Wanga

Foni ya mlongo wanga inafika kwathu m'jumbo ya shuga, patapita masiku ochepa titamuika m'manda. Anaibweretsa ndi apongozi ake aakazi pamodzi ndi zitenje, nsapato za kutchalitchi ndi buku lake la nyimbo. Amayi ndiwo analandira zonse. Zitenje anazifungatira, koma foni anangoikankhira kwa ine pamphasa.

"Za magetsi n'zako," anatero.

Ine ndili ndi kashopu pa Nsaru, kuseri kwa mzere wa ogula soya ndi mtedza. Ndimapirinta makalata, kuchita fotokope, kuikira anthu nyimbo m'mamemori, ndi kukonza makompyuta akapezeka. Za makompyuta ndinaphunzira ku Lilongwe, ndipo ndinagwirako ntchito m'tauni kufikira pamene kampani yathu inatseka. Bambo athu, omwe anali mphunzitsi wa pulayimale, anali atamwalira kale, choncho ndinabwerera kumudzi kuti ndizikhala pafupi ndi amayi. Ana tinabadwa awiri okha, ine ndi mlongo wangayo, wamng'ono kwa ine.

Iye anakwatiwa chitengwa kumudzi wina cha ku Kabudula. Alamu anga anali mlimi wa fodya, munthu wofatsa mpaka kutopetsa, woti mukhoza kukhala naye pakhonde dzuwa mpaka kupendeka osamva china choposa moni. Mlongo wanga ndiye amalankhulira onse awiri. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, ndipo chaka chimenecho anali woyembekezera kachiwiri. Miyendo inayamba kumutupa nthawi yosankha fodya. Ife sitinamve. Tinadzamva tsiku limene anagwa m'chigafa n'kuyamba kunjenjemera thupi lonse ngati wa khunyu. Anamukweza pangolo, koma anatsirizikira panjira asanafike kuchipatala, iye pamodzi ndi wa m'mimbayo.

Foni yakeyo inali ya mabatani, chotsekera chakumbuyo chomangidwa ndi kamphira. Kwawoko kunalibe magetsi, ndiye amachotsa batire n'kulitumiza kugolosale ina yokhala ndi sola kuti akalitchaje. Batire likachoka, wotchi ya foniyo imaiwala zonse n'kubwerera pachiyambi. Akabwera pa tsiku la msika ndinkamukonzera, iye n'kumaseka.

"Achimwene, ine nthawi ndimaonera dzuwa. Mukuvutikiranji?"

Koma kujambula mawu ankakukonda. Anali wa alito mu kwaya ya kumpingo kwawo, ndipo amajambula mbali yake kuti aziiloweza ali kumunda. Anajambula mwana wake akulira, akuseka, akuphunzira kutchula mawu. Komanso poti mayunitsi anali osowa, anapeza njira yakeyake yochezera ndi amayi. Akakhala ndi nkhani amaiyankhula m'foni ngati amayi ali pompo, tsiku la msika n'kudzawamvetsera. Zambiri amaiwala kuwamvetsera. Zonsezo zinali m'kamemori kakang'ono ngati chikhadabo, kobisika pansi pa batire.

Tsiku lina m'mawa, ndikutulutsa njinga kuti ndizipita kushopu, amayi anandiimitsa.

"M'foni muja muli mawu ake, eti?"

"Alimo ambiri, amayi."

"Undiikire m'foni yanga. Uyambire pamene anayambira iye, zizipita choncho mpaka kumapeto. Ndikufuna ndimve chimene ananena komaliza."

Ndinavomera msanga, chifukwa ndinkayesa ndi ntchito ya tsiku limodzi. Fayilo iliyonse imakhala ndi tsiku ndi nthawi imene inalembedwa, ndipo makina amatha kuwandandalika mafayilo potsata masikuwo. Foni ya amayi, yomwe ndinawagulira nditangobwera kumudzi, inali ya galasi logusa ndi chala ndipo imatha kuimba motsatira tsiku. Koma nditalowetsa memoriyo mukompyuta ya pashopu, ndinapeza masikuwo ali osokonekera. Mafayilo ambiri amaonetsa tsiku loyamba la chaka cha 1980, mlongo wanga asanabadwe n'komwe. Ena amaonetsa tsiku limodzi onse, tsiku limene ine ndinawasamutsira m'memori yatsopano, yakale itayamba kuvuta. Amene anali ndi tsiku loona anali ochepa, a masabata amene batire linakhala m'foni nditangomukonzera wotchi. Maina nawo sanathandize. Foniyo imangopereka manambala, ndipo memori ikachotsedwa imayambiranso kuwerenga. Mawu a mwana ali wakhanda anali pafupi ndi mawu a mwana yemweyo akuimba za kusande sukulu.

Njira inali imodzi yokha: kumvetsera chilichonse n'kupeza nthawi yake ndi khutu. Ndinkachita zimenezi masana, makasitomala akachepa, mahedifoni ali m'makutu. Mvula ikamveka padenga la malata ndinkadziwa kuti ndi dzinja. Nyimbo za Khirisimasi zimadziulula zokha. Pena pamamveka jeke wopanikizira fodya m'mabelo akulira kumbuyo, pena anthu akupuntha soya, pena mphepo ya mwezi wa Ogasiti ikuomba m'foni mpaka mawu osamveka. Mwana ndiye anandithandiza kwambiri, chifukwa lilime lake limakula poyera. Pali pamene amati "tata" pofuna kunena mbatata, ndi pamene anayamba kuitchula bwino. Nthawi zina munthu amalowa kudzachititsa fotokope n'kundipeza ndikupukuta m'maso, ine n'kunamizira fumbi la pamsewu.

Nditapeza nthawi yoyerekeza ya fayilo iliyonse, panatsala kuilemba pafayilopo. Kuchita imodziimodzi ndi dzanja kukanatenga mwezi, ndiye ndinalemba kapulogalamu kakang'ono koti kazichita zimenezo. Ndinkafuna kuti kagwire ntchito paliponse: pakompyuta ya pashopu, palaputopu yanga yakale yomwe ili ndi sisitimu ina, komanso m'foni ya amayi momwemo, chifukwa ndinali nditaona kuti mafayilo akadutsa pachingwe kulowa m'foni amataya masiku awo n'kutenga tsiku lokopedwa. Kapulogalamu kotere sikalemba kokha tsiku. Kamachita kupempha sisitimu, pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawo, kuti ilembe, ndipo sisitimu imayankha kuti zatheka kapena zakanika.

Apa m'pamene ndinaona kuti makina amenewa sagwirizana ngakhale pa nkhani ya nthawi. Laputopu imawerenga nthawi ya dziko lonse, pamene memori imangosunga nthawi ya pawotchi ya pakhoma osalemba kuti ndi ya dziko liti. Ndikalemba nthawi palaputopu n'kusamutsira memori pakompyuta ya pashopu, zonse zimapezeka zasuntha ndi maola awiri, ndipo zimene ndinaika m'mawa kwambiri zimaoneka ngati za usiku. Memori nayo sitha kusunga sekondi iliyonse, imadumpha imodzi. Sisitimu imodzi imabweza nthawiyo m'mbuyo kuti ikwane, inayo imaikankhira kutsogolo, choncho mafayilo amene ndinawaika motsatana amasinthana malo. Kompyuta ya pashopu imakaniratu kukhudza mafayilo amene foni inawaika chizindikiro choti asasinthidwe. Laputopu, ndikaipempha kuti isinthe tsiku lolembedwa lokha n'kusiya tsiku lotsegulidwa, imasintha onse awiri. Vuto lililonse ndimalipezera njira yolizungulira: apa chotsa kaye chizindikiro, apa onjezera maola, apa siyanitsa mafayilo ndi mphindi yathunthu. Kapulogalamu kamene kanayamba ndi mizere yochepa kanadzaza ndi zigamba ngati thalauza la kumunda. Magetsi akazima ndinkangokhala pakhomo la shopu n'kumayang'ana maminibasi akuitanira anthu a ku Lilongwe.

Kunena zoona, mavuto amenewa ndinkawakonda. Ndikamalimbana ndi maola awiri aja sindinkaganiza za ngolo.

Panali mafayilo angapo amene khutu langa linalephera. Ambiri anali a nyimbo, iye yekha akuimba m'nyumba mopanda phokoso lina. Koma imodzi inali yolankhula, yaifupi. Mawu ake anali otsika, ngati safuna kuti wina amve.

"Amayi, miyendoyi yatupanso lero, nsapato sizikulowa. Mutu nawo ukundiwawa. Awa akuti tidikire kaye tithane ndi fodya, tikapita kuchipatala tikamanga mabelo. Musadandaule, ndili bwino."

Basi. Kumbuyo kunkamveka nkhuku ndi masamba ouma a fodya akukhwekhwereza. Mawu a mwana panalibe. Tsiku lake linali lija la 1980.

Ndinaimvetsera kambirimbiri. Chovuta chinali chakuti mwana woyamba uja anabadwa m'miyezi yozizira, kutanthauza kuti pakati poyamba paja panakumananso ndi nyengo yosankha fodya. Ndipo ndinkakumbukira bwino kuti ulendo umenewo miyendo inatupanso, mpaka anabwera kumsika atavala patapata wa mwamuna wake. Anachira, mwana anabadwa bwinobwino. Ndiye mawu awa anali a chaka chino, masiku ochepa asanagwe m'chigafa, kapena a zaka zapitazo? Mawu oti "yatupanso" amatha kutanthauza dzulo ndi lero, amathanso kutanthauza ulendo uja ndi uno. Kusamveka kwa mwana kumatha kutanthauza kuti anali asanabadwe, kapena anali kosewera.

Tsiku lina ndinachotsa mahedifoni chifukwa makutu anali atatentha, n'kuimvetsera pa sipika. Sindinaone kuti pakhomo paima munthu. Anali amalume, achimwene awo a amayi, mkulu wa mpingo komanso nkhoswe ya ukwati wa mlongo wanga. Anali atabwera pa Nsaru kudzagula mankhwala osungira chimanga.

"Bwereza," anatero.

Ndinabwereza. Anakhala pampando wa makasitomala, chipewa chili pabondo.

"Ananena liti zimenezi?"

"Sindikudziwa, amalume. Foni inataya tsiku."

Ndinawafotokozera za batire, za ulendo woyamba uja, ndi za ntchito imene ndinali kuchita. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa funso limodzi lokha.

"Ndiye kuti iweyo umatha kulembapo tsiku lililonse limene wafuna, eti?"

"Ndimatha."

"Lembapo la mwezi umene anamwalira. Tsiku losudzula layandikira. Anthu aja akufuna mwana atsale kwawo, akuti ukwati unali wa chitengwa. Ndikufuna amve ndi makutu awo chimene mwana wawo anachita."

"Amalume, ndikalemba tsiku limenelo ndiye kuti ndalemba chimene sindikuchidziwa."

"Nanga enawo ukuwalemba bwanji? Sukungoyerekeza?"

"Enawo ndili ndi pogwira. Komanso enawo sakuweruza munthu."

Anaimirira n'kuvala chipewa. "Mlongo wako ali m'manda, iwe ukusamala za kompyuta. Bambo ako akanakhalapo sakanafunsa tsiku." Anatuluka osatsanzika. Aka kanali koyamba kuti ndiwakanize chinthu amalume chibadwire.

Ndinaganiza zoichotsa fayiloyo kuti amayi asaimve n'komwe. Koma inkayamba ndi mawu oti "Amayi". Inali yawo, ndipo ndinalibe mphamvu yowabisira. Ndiye ndinasankha kuika mafayilo onse osadziwika nthawi koyambirira kwenikweni, patsogolo pa ena onse, kuti ndidzawauze amayi kuti oyambirirawa sindikudziwa kuti ndi a liti. Makina salola fayilo kukhala yopanda tsiku, choncho ndinauza kapulogalamu kuti kawapatse nthawi ya ziro, poyambira penipeni pa kuwerenga kwa makina. Palaputopu anaoneka a 1970. Pamemori anasanduka a 1980, chifukwa memori sidziwa chaka cha m'mbuyo kuposa pamenepo. Konse kuwiri anakhala pamwamba pa mndandanda monga ndinafunira. Kenako ndinakopera zonse m'foni ya amayi. Fayilo ya miyendo ija ndinaikopera pomalizira, chifukwa ndinali ndikulimbanabe nayo mumtima. Ndinayendetsa kapulogalamu m'fonimo, ndipo pa fayilo iliyonse sisitimu inayankha kuti zatheka. Ndinamvetsera pang'ono chapakati, ndinapeza zikutsatana bwino. Kumapeto sindinafikeko. Mawu enieni omaliza ndinali nditawadziwa kale, anali iye akuphunzitsa mwana nyimbo ya pa Isitala akuseka, ndipo ndinalibe mphamvu yowamvanso.

Amayi anamvetsera masiku angapo, pang'onopang'ono, atakhala kuseri kwa nyumba akusenda mtedza. Madzulo ndikabwera amandiuza pamene afika. "Lero mwana wayamba kuyenda." "Lero akudandaula za mbuzi za eni ake zimene zadya nyemba." Nkhope yawo inayamba kumasuka. Ndinadabwa pang'ono kuti sanafunse za miyendo, koma ndinati mwina asankha kusaikamba.

Tsiku lina ndinawapeza atakhala pansi m'nyumba, chitseko chili chotseka dzuwa lisanalowe, foni ili pamiyendo.

"Wandibisiranji?" anafunsa.

"Chiyani, amayi?"

"Mwana wanga anandiitana. Mawu ake omaliza anali oitana ine, kuti miyendo yatupa, ndipo mwamuna uja akumukaniza chipatala chifukwa cha fodya. Iwe unamva kale, n'kumabwera kuno kumadya nane osanena."

Ndinatenga foniyo n'kuyang'ana mndandanda. Fayilo ya miyendo inali pansi penipeni pa mndandanda, itanyamula tsiku limene ndinaikopera. Mafayilo onse osadziwika aja anali kumapeto komweko. Sisitimu ya foniyo, itapatsidwa tsiku limene sitha kulisunga, siinalembe kanthu, koma inayankhabe kuti zatheka. Mafayilowo anangotsala ndi tsiku lokopedwa, lomwe linali latsopano kuposa ena onse. Kapulogalamu kanga kanakhulupirira yankho, ine n'kukhulupirira kapulogalamu.

Ndinayesa kufotokoza. Ndinati malo ake si amenewo, foni yalakwitsa, mawuwo akhoza kukhala a pakati poyamba paja. Amayi anandiyang'ana ngati ndikulankhula chilankhulo cha kutali.

"Sunanene wekha kuti waziika motsatana?"

"Ndinanena, koma iyi..."

"Ndiye yalakwika ndi iyi yokha, yonena za mlamu wako?"

Amalume anali atamva kale nkhaniyo kwa amayi masana omwewo.

Tsiku losudzula anthu anasonkhana pabwalo la nyumba yathu, akuchimuna mbali ina, ife mbali ina. Alamu anakhala pansi pafupi ndi ankhoswe awo, mutu wometa, jekete yawo yakuda itawakulira. Mwana anali pamiyendo pa agogo ake akuchimuna. Nkhani zinayamba bwino, ndi pemphero. Akuchimuna anapempha mwaulemu kuti mwana atsale kumene anabadwira, kumene anazolowera, ndipo azibwera kudzacheza. Amalume anadikira kuti amalize. Kenako anapempha foni kwa amayi, anaikweza m'mwamba, n'kuuza anthu kuti amve mawu omaliza a malemu.

Sindidzaiwala mmene mawu aja anamvekera panja. M'mahedifoni anali ngati akunong'oneza ine ndekha. Pabwalo paja anali ang'ono, osweka, ndipo anthu anachita kuweramira kutsogolo kuti amve. Atafika poti "awa akuti tidikire kaye", amayi ena akumpingo anagwira pakamwa. Mwana anadzutsa mutu n'kuyamba kuyang'ana uku ndi uku.

Ndinaimirira. "Zikomo akuluakulu, ndiloleni ndilankhuleko. Mawuwa ndi a malemu ndithu, koma tsiku limene likuoneka pamenepo si loona. Foni inakana tsiku limene ndinaipatsa n'kusiya lake. Palibe amene akudziwa kuti anajambula liti."

Amalume sanakweze mawu. "Anthuni, mwana uyu ndinamupempha ine kuti alembe tsiku pa mawu amenewa, anandikanira m'maso, ati iye salemba chimene sakuchidziwa. Ndinachoka ndili wokwiya. Ndiye ngati mawuwa apezeka kumapeto, sindinawaike ndine. Lero akuona mlamu wake ali pamavuto, akuti foni yanama. Timve ziti?"

Anthu anang'ung'udza. Wina kumbuyo anati makina sanama, amanama ndi anthu. Ndinayamba kunena za 1980 ndi za memori, koma ndinadzimva ndekha mmene zinkamvekera, mwamuna wamkulu kukamba za masekondi pamaso pa mayi amene waika mwana wake. Ndinakhala pansi.

Ankhoswe akuchimuna anatembenukira kwa alamu kuti ayankhe. Alamu anati, "Mawuwo ndinanenadi." Sananene kuti liti, ndipo palibe anawafunsa.

Nkhani inathera pomwepo. Mwana anatsala kwathu tsiku lomwelo, ndi zovala zimene anavala. Agogo ake akuchimuna anachita kumumasula zala pachitenje chawo. Alamu anasudzulidwa mwachidule, opanda mawu aja amene amanenedwa othokoza mkamwini chifukwa chosamala mwana wa eni. Patapita milungu ingapo tinamva kuti kumpingo kwawo awaimitsa kudya mgonero.

Kapulogalamu kaja ndinakakonza. Tsopano kakapempha sisitimu kuti ilembe tsiku, sikakhutira ndi yankho, kamabwerera kukawerenga chimene chalembedwadi, ndipo zikasiyana kamaima n'kunena. Ndi mizere yochepa chabe. Nditamaliza ndinapempha foni ya amayi kuti ndibwezere mafayilo aja pamalo pake. Anaibisa m'chitenje.

"Usakhudze. Kaya ananena liti, ananena. Ndipo ine sindinamve."

Alamu anabwera kushopu mvula itayamba. Anaimika njinga panja, anagwedeza matope kunsapato nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira, kenako analowa. Anali ataonda. Tinapatsana moni, n'kukhala chete monga kale. Pomaliza anatulutsa kamemori katsopano, kadakali m'pepala lake.

"Alamu, mundiikireko nyimbo zake zija. Za kwaya zokha."

Ndinayamba kukopa. Tonse tinkayang'ana kamzere kobiriwira kakuyenda pagalasi. Ndinaona kuti ndikapanda kufunsa tsiku limenelo sindidzafunsanso.

"Alamu, mawu aja anali a liti?"

Anapukuta nkhope ndi dzanja. "Ine sindinkadziwa n'komwe kuti anajambula. Ulendo woyamba uja ndinanena ndine kuti tidikire. Tinadikira, tinamanga mabelo, tinapita, anatipatsa mankhwala, anachira. Ulendo uno ndinati tiyeni, njinga yamoto ndapeza. Anakana ndi malemuwo. Anati chaka chija zinatha bwino, tisasiye fodya anyowe." Anayang'ana kamzere kaja pagalasi. "Ine sindinaumirire. Ndinamva bwino mumtima kuti akana."

"Bwanji simunanene pabwalo paja?"

"Ndinene kuti wolakwa ndi amene ali m'manda? Pamaso pa amayi ake?"

Sindikudziwa ngati zimene anandiuzazo zinali zoona zonse. Munthu akakhala yekha miyezi yambiri amatha kuikonza nkhani mpaka kuikhulupirira. Koma sanandipemphe kuti ndikauze wina aliyense. Anafunsa za mwana, ngati akudya, ngati chifuwa chija chinasiya. Ndinawauza kuti wayamba kupita kusukulu ya mkaka ndipo usiku amagona ndi agogo ake. Anagwedeza mutu, anakulunga memori m'kapepala n'kuiika m'thumba la shati.

Madzulo ake ndinawafotokozera amayi zonse monga ndinazimvera. Anamvetsera akupeta mphale, osaima. Nditamaliza anati, "Wakufa sayankha," n'kulowa m'nyumba. Kwa amalume sindinapite. Chiyambire tsiku losudzula lija timangopatsana moni wa pakhomo la tchalitchi.

Alamu anabwera kwathu kamodzi kokha, chimanga chitayamba kufula. Anaima kumapeto kwa bwalo n'kuodira, thumba la mtedza lili pakaliyala. Amayi anatulutsa mpando n'kuuika pamthunzi, koma iwo sanakhale nawo, anapita kudimba. Mwana anali atatalikako. Ndinamuitana kuti adzapereke moni kwa bambo ake. Anabwera, anagwada patali monga amachitira kwa alendo, anayankha mafunso awiri atatu akuyang'ana pansi, kenako anafunsa ine ngati angapite kukasewera. Alamu anati apite. Anakhala pampandopo kanthawi, akuyang'ana kumene mwana analowera, ndipo ananyamuka chakudya chisanapse.

Chaka chotsatira sanalime fodya kwawo. Munda anausiyira mng'ono wawo, iwo n'kupita kukagwira utenanti kuesiteti ina cha ku Kasungu. Miyezi yoyamba amaimba foni kwa ine, ine n'kupita nayo kunyumba kuti alankhule ndi mwana, koma mwanayo amangoigwira kukhutu osanena kanthu. Kenako kuimbako kunayamba kutalikirana. Nambala yawo tsopano sikupezeka, ndipo abale awo ndikakumana nawo pamsika amati nawonso sakumva kanthu.